Odi pakhomo pali katsabola

Kuno kwathu munthu angathe kukukhululukira ngongole, koma sangakukhululukire msanga ngati mwana wake anadwala sabata yathunthu iwe osapondako phazi. Kuzonda matenda ndi lamulo losalembedwa, ndipo aliyense kuyambira ku Bembeke mpaka ku Mayani amalidziwa. Umanyamula kaufa, kaya nthochi, kaya chigubu cha thobwa, n'kukagwada pakhomo kufunsa kuti odwala agona bwanji. Wosapita amayamba kunenedwa. Ena amati ndi wonyada, ena amatsitsa mawu n'kumati mwina akudziwapo kanthu pa matendawo.

Lamuloli ndi labwino ndipo sindikufuna kuti life. Koma pali matenda amodzi amene amaliyesa kwambiri, ndipo amatero chifukwa chakuti sitiwaopa. Kolera itabuka mu 2022 anthu sanafune wowauza kawiri kuti asiye kugwirana chanza pamaliro. Katsabola ndiye ayi. Timangoti ndi matenda a ana, aphulika, auma, basi mwana azipita kusukulu. Nthawi zambiri zimatherapo pomwepo ndithu. Funso langa lili pa nthawi zochepa zimene sizitero: mwana akatuluka katsabola, makolo ake ali ndi udindo wanji kwa anthu amene akuima panja n'kunena kuti odi?

Katsabola amayamba ndi kachilombo kotchedwa varicella-zoster. Kamayenda mumpweya, munthu akatsokomola kapena kungopuma m'chipinda chimodzi ndi wodwala, komanso kudzera m'madzi a m'matuza aja. Kakalowa m'thupi kamakhala phee masiku 10 mpaka 21, kawirikawiri masabata awiri. Kenako kutentha thupi, kufooka, ndiye timadontho tofiira pamimba, pamsana, kumaso, m'mutu, mwinanso m'kamwa, timene timasanduka matuza amadzi. Matuzawo satuluka tsiku limodzi, n'chifukwa chake pathupi pa mwana mmodzi mumaona ena akuyamba, ena aphulika, ena achita kale nkhanambo. Mwana amapatsira anzake kuyambira tsiku limodzi kapena awiri matuza asanaoneke mpaka onse atauma, zomwe zimatenga masiku asanu kapena sabata.

Ndiye ganizirani mwezi wa Juni kapena Julayi kuno ku Dedza, tauni yokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri litaphimbidwa ndi nkhungu mpaka 10 koloko. Mazenera amatsekedwa ndi makatoni, chitseko chimatsekedwa dzuwa likangolowa, mbaula pakati, ana anayi bulangete limodzi. Kachilombo kofuna mpweya wosayenda kangapemphenso chiyani? Mwa ana khumi a m'nyumba imodzi amene sanadwalepo, asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi amatenga.

Apa munthu woganiza bwino angandiyankhe kuti, ngati mwana anayamba kupatsira anzake matuza asanaoneke, kutseka chitseko lero n'kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Pa abale ake a m'nyumba momwemo, yankholi lili ndi mphamvu, ndipo ndikuvomereza. Malangizo onena kuti wodwala akhale ndi chipinda chake, kapu yake ndi thaulo lake analembedwera nyumba zina, osati ya zipinda ziwiri ya ku Kaphuka. Komanso mwana wa zaka zitatu amene thupi lonse likumuyabwa simungamuuze kuti agone yekha chifukwa cha sayansi. Iye amadziwa chimodzi chokha, kuti akufuna kumsana kwa amake. Kumukaniza msana umenewo ndi nkhanza zosapindulitsa aliyense.

Ndipo ntchito yeniyeni yosamalira mwana wa katsabola ili pafupi chonchi, khungu ndi khungu. Masana n'kosavuta, mwana amaiwala, amasewera. Usiku ndiye pali nkhondo. Kuyabwa kumakula akafunda, manja amapita okha pamatuza ngakhale ali mtulo, ndipo mayi amakhala tsonga atagwira timanja tiwiri mpaka tambala woyamba. Mwanayo amalira, amakuyang'ana ngati mdani, pakuti iwe ndi amene ukumuletsa chinthu chokhacho chimene chikumupatsa mpumulo. Sungamufotokozere za tizilombo tokhala kunsi kwa zikhadabo, timene tikalowa pachilonda timatupitsa khungu n'kubweretsa mafinya. Sungamuuze za chipsera chimene adzachione pagalasi ali ndi zaka 16. Umangogwira, iye n'kumadana nawe mpaka tulo timugwire. Ine ndimaona kuti makolo ambiri amaphunzira usiku ngati umenewu kuti mwana angathe kukukwiyira pa chinthu chimene ukuchita molondola, ndipo palibe wokuthokoza m'mawa mwake.

Zothandiza zake n'zazing'ono. Kuwenga zikhadabo. Kumusambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, ngakhale kukuzizira, n'kumupukuta mongogunditsa nsalu osakhula. Ena amaopa kusambitsa mwana wa matuza, koma litsiro ndi limene limasandutsa tuza kukhala bala. Zovala zopepuka zochapa, madzi akumwa pafupipafupi, phala lozizirirapo ngati m'kamwa muli zilonda, mankhwala opaka a calamine ngati apezeka. Pa kutentha thupi, panado pamlingo wa msinkhu wake. Asipirini ayi, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge kapepala ka mapiritsi a mutu amene mwagula pagolosale, chifukwa ena muli asipirini. Mwana wa katsabola akamwa asipirini angathe kudwala matenda a Reye, otupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi, amene dokotala wa ku Australia, Douglas Reye, anawafotokoza mu 1963. Bufeni nayenso madokotala amaletsa pa katsabola. Ndipo paja kwathu kuno kutentha thupi sikumabwera ndi kalata yonena kumene kwachokera: mwana angathe kukhala ndi katsabola ndi malungo nthawi imodzi. Akamapuma mobanika, akakomoka, akauma khosi, akamangogona osadzuka bwino, akakana kumwa, kapena khungu lozungulira tuza likafiira n'kutupa n'kumatentha, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche.

Zonsezi n'za m'kati mwa nyumba. Pakhomo ndi nkhani ina.

Katsabola amene kwa mwana wa zaka zinayi ndi sabata ya kuyabwa, kwa anthu ena ndi matenda a kuchipatala. Wamkulu amene sanadwalepo ali mwana amadwala kwambiri, ndipo kachilomboka kangathe kumugwira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mayi woyembekezera amene sanadwalepo ali pangozi yoposa pamenepo. Akadwala m'masabata 20 oyambirira, pali mpata wochepa, wosapitirira awiri mwa 100, woti mwana adzabadwe ndi vuto la maso, ubongo kapena miyendo. Matuza akamutuluka masiku asanu asanachire kapena masiku awiri atachira, khandalo lingathe kudwala modetsa nkhawa, chifukwa mayi sanakhale ndi nthawi yolipatsira chitetezo. Palinso aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika: mwana wonyentchera, wolandira mankhwala a khansa, kapena amene ali ndi HIV koma sanayambe mankhwala kapena anadukiza.

Tsono taonani anthu amenewa. Ndi anthu amene ngozi yawo sioneka, ndipo mwambo wathu womwewu umawaletsa kuinena. Mimba ya miyezi iwiri kwathu kuno siilengezedwa. Mwini wake amaisunga, mwina amadziwa ndi amake okha kapena anamkungwi, mpaka idzadzionetse yokha. Za HIV ndiye musanene. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo lero anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi muno ali ndi kachilomboka, ambiri a iwo athanzi ndithu, akulima ndi kuchita malonda. Koma ndi angati amene angaime pakhomo pa alamu awo n'kunena kuti, "Pepani, sindilowa, chitetezo changa n'chotsika"? Mtsikana wongokwatiwa kumene akatumidwa ndi apongozi kuti kaperekeni phala kwa mwana wodwala uja, ayankha kuti chiyani? Anyamula mbale, alowa, akhala pamphasa, anyamulanso mwanayo pamiyendo monga ulemu ukufunira.

Apa ndi pamene pagona mlandu wonse. Amene akudziwa kuti m'nyumba muli katsabola ndi mwini nyumba. Amene akudziwa kuti thupi lake silingapirire ndi mlendo. Aliyense ali ndi theka la nkhani, koma mmodzi yekha ndi amene angathe kunena theka lake popanda kudzivula pagulu. Kunena kuti mwana wanga watuluka katsabola sikuchotsa munthu ulemu. Ndiye udindo wolankhula ukugwera mwini nyumba, ndipo ine ndikuti alankhule kwa aliyense mofanana, osasankha nkhope. Akangouza okhawo amene akuwaganizira kuti ali ndi pakati kapena akumwa mankhwala, ndiye kuti waulula chinsinsi cha eni ake ndi chala. Koma akauza aliyense wofika kuti, "Zikomo mwabwera, koma muno muli katsabola, ngati simunadwalepo tingocheza pabwalo pompano," wapereka kwa aliyense njira yobwererera popanda kufunsidwa chifukwa. Woyembekezera uja angoti sindikumbuka ngati ndinadwalapo, n'kukhala pachitsa kunja, phala n'kulandiridwa pakhomo. Palibe wachita manyazi.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera pakamwa. Kuuza apongozi kapena amfumu kuti asalowe kumamveka ngati kuwapirikitsa. Enanso amaopa kuti akanena, anthu ayamba kusala ana awo onse, ngakhale pachitsime. Ndiye amasankha kukhala chete, kumuveka mwana juzi ya manja aatali n'kupita naye kutchalitchi. Sindiwaona ngati anthu oipa. Koma chete ameneyu amatanthauza kuti iwe wasankhira mnzako ngozi imene iye sanaione, kuti iwe upewe mphindi imodzi ya manyazi.

Ena amati zonsezi ndi nzeru zobwera, za anthu okhala m'mipanda amene sadziwa dzina la woyandikana naye. Sindikugwirizana nazo. Makolo athu ankadziwa kutseka chitseko. Mayi akachira ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo si aliyense amene ankaloledwa kulowa kapena kunyamula khandalo. Namwali ankabindikira m'tsimba. Palibe amene ankati mwini chikuta ndi wonyada. Zifukwa zimene ankapereka zinali za kutentha ndi kuzizira kwa thupi, za mdulo ndi tsempho, osati za tizilombo, koma mfundo yoti pali nthawi imene kukonda munthu kumafuna kuti uime patali inalipo kale m'mudzi.

Mwambo wa kudika, woti mwana akadwala matenda otuluka pakhungu ngati chikuku makolo asiye kaye za m'nyumba, ndimauona pawiri. Ubwino wake unali wakuti unkamangirira bambo ku matenda a mwana. Sakanatha kunena kuti zimenezo n'za amake, chifukwa khalidwe lake lomwe linkawerengedwa. Kuipa kwake n'kwakuti mwana akafooka, anthu ankayamba kufufuza amene walakwa m'malo mothamangira thandizo, ndipo chala kawirikawiri chinkaloza mkazi. Matuza akachita mafinya, chalowa ndi tizilombo ta m'zikhadabo, osati chigololo cha wina. Koma chikanakhala chabwino mbali yoyamba ija ikanatsala, abambo n'kumatenga nawo gawo la usiku logwira timanja tija.

Pali funso lina lovutirapo. Amayi ena, mwana mmodzi akatuluka katsabola, amagoneka dala ena onse pamphasa imodzi kuti athane nazo kamodzi. Maganizo ake si opusa. Katsabola amapepuka paubwana kusiyana ndi paukulu, ndipo amene wadwala kamodzi kawirikawiri sadwalanso. Mtsikana amene wadwala ali ndi zaka zisanu sadzaopa katsabola akadzakhala ndi pakati. Kumaiko ena nkhaniyi inatha ndi katemera. Michiaki Takahashi wa ku Japan anapanga katemera wa katsabola m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku United States anayamba kubaya ana mu 1995. Kwathu kuno kusikelo ana amalandira katemera wa TB, poliyo, chikuku, chibayo, kutsegula m'mimba ndi ena, koma wa katsabola palibe pamndandandawo. Sindikudandaula kwambiri, boma la ndalama zochepa liyenera kuyamba ndi matenda opha ana ambiri. Koma zikutanthauza kuti mayi wa ku Lobi alibe njira yachitatu. Mwana wake adwala lero kapena adzadwala mtsogolo.

Komabe ine ndimaona kusiyana pakati pa kulandira chimene sungathe kuchiletsa ndi kuchikonza ndi manja ako. Mwana wachiwiri wotengera m'nyumba nthawi zambiri amadwala kwambiri kuposa woyamba, poti wapuma kachilomboka usana ndi usiku. Simudziwa kuti mwa ana anuwo ndani amene thupi lake lili ndi vuto lobisika. Ndipo kachilomboka sikachoka. Matuza akauma kamakabisala m'mitsempha ya pafupi ndi msana, n'kudzadzuka patapita zaka makumi angapo, munthu atakalamba kapena chitetezo chitatsika, ngati mashingozi, matuza owotcha ngati moto amene amazungulira mbali imodzi ya thupi. Amene anakula m'zaka za m'ma 1990 akukumbuka mmene anthu ankanong'onezerana akaona chipsera cha mashingozi. Ndi kachilombo komweko ka katsabola wa paubwana. Agogo a mashingozi angathe kupatsira mdzukulu katsabola, ngakhale mdzukulu wa katsabola sangawapatsire agogo mashingozi. Choncho ngati ana anu atengerana chifukwa bulangete ndi limodzi, palibe wokuimbani mlandu. Koma khanda lisiyanitseni mmene mungathere, ndipo mwana wa eni ake musamuitanire dala. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe umakupatsa udindo womudyetsa ndi kumuteteza. Sukupatsa chilolezo chomusankhira matenda amake asakudziwa.

Chimene chimandivuta kwambiri pa maganizo angawa ndi mtengo wake, ndi amene amaulipira. N'kosavuta kwa ine kulemba kuti mwana akhale pakhomo sabata yathunthu. Nanga mayi amene amagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Bembeke, amene akajomba tsiku limodzi ndiye kuti madzulo poto sakhala pamoto? Amubereka mwanayo n'kupita naye pamsika, kapena auza mwana wake wamkazi wa Sitandade 6 kuti asapite kusukulu azilera mng'ono wake, mayeso a teremu yomaliza ali pafupi. Mnyamata satumidwa kawirikawiri ntchito imeneyi, tisanamizane. Ngati mudzi ukufuna kuti banja ili litseke chitseko pofuna kuteteza ena, ndiye kuti mudziwo uli ndi ngongole kwa banjalo. Simungapemphe munthu wosauka kuti alipire yekha chitetezo cha anthu onse.

Apa ndi pamene kuzonda kuja kumafunika kwambiri, kungoti kusinthe maonekedwe. Amene anadwalapo katsabola, ndipo akuluakulu ambiri anadwalapo, angathe kulowa, kukhala ndi mwana masana amake apite kumsika kapena agoneko pang'ono. Amene sakudziwa ngati anadwalapo angathe kutunga madzi n'kusiya ndowa pakhonde, kuwaza nkhuni, kuthirira kudimba, kumugulitsirako mnzake dengu la tomato. Mtolo wa nkhuni m'mwezi wa Julayi ku Dedza umanena zambiri kuposa kukhala pamphasa maola awiri n'kumangoti pepani, pepani, mwini nyumba akuvutika kuti akuphikireni chiyani.

Kuchipatala nako kumafuna nzeru yomweyo. Tsiku la sikelo pabenchi pamakhala makanda ndi amayi oyembekezera okhaokha. Kufika ndi mwana wa matuza n'kukhala pakati pawo maola atatu ndi kuika kachilombo pamalo pamene kangawononge kwambiri. Ndi bwino kuuza mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kapena kunena pofika pomwe kuti mwanayu ali ndi matuza, kuti akuonereni padera. Koma kupita kokha musaleke ngati mukukayika, makamaka tsopano pamene mpox, imene matuza ake angathe kusokoneza maso a munthu wamba, inapezeka m'dziko muno mu 2025. Kusokoneza matenda a matuza si kwachilendo. Kwa zaka mazana anthu ankaphatikiza katsabola ndi nthomba mpaka William Heberden wa ku England atawasiyanitsa mu 1767, ndipo mpaka lero agogo ena amatchula katsabola kuti nthomba, ngakhale nthomba yeniyeni inalengezedwa mu 1980 kuti yatha padziko lonse. Woyembekezera amene wakhala pafupi ndi wodwala ndipo sakumbuka kuti anadwalapo asadikire matuza, akanene kuchipatala. Pali mankhwala a acyclovir amene amathandiza akayambidwa msanga.

Chodabwitsa n'chakuti mantha athu amafika mochedwa. Masiku amene mwana akupatsira kwambiri, akungotentha thupi ndi timadontho tiwiri pamimba, aliyense amamunyamula. Matuza onse akauma n'kuchita nkhanambo zakuda kumaso, pamene sangapatsirenso munthu, m'pamene anzake ku mkombaphala amamuthawa, amayi ena n'kumakoka ana awo pachitsime. Mwana wa zaka zinayi amene wakhala sabata m'nyumba amatuluka ali ndi njala ya masewera, n'kupeza bwalo likumupatukira. Sadziwa za masiku 21 kapena za nkhanambo. Pamafunika wamkulu mmodzi wodziwa, kaya mphunzitsi, kaya azakhali a khomo loyandikana, woti amunyamule anthu akuona, amukhazike pamzere wa phala pakati pa anzake, n'kumupatsa kapu yake.